Tepi yoyezera msinkhu siigoletsa, ma scout a NHL asiye kuopa ana afupiafupi

Mwezi wa June ukangofika kuno ku Canada mkangano umayambiranso, womwewo chaka ndi chaka, pa wailesi, pa TV, ku ntchito nthawi ya tiyi, paliponse basi nkhani ndi yoti timu yathu itenge mwana uti pa draft ya NHL. Kwa inu amene hockey simuitsata kwenikweni, draft ndi masiku awiri omwe matimu 32 a NHL, ligi yaikulu ya hockey ya pa ayezi ku Canada ndi America, amagawana anyamata a zaka 18 mosinthana, maraundi 7, mayina 224 onse pamodzi, ndipo matimu omwe sanachite bwino sizoni yathayo ndi amene amakhala ndi mwayi wosankha koyambirira. Nde mkangano wake ndi uwu: pali mnyamata wamtali, wamapewa, amene ukangomuona umati uyu ndi bambo kale, koma zigoli zake ndi zapakatikati, ndiye pali kamnyamata kafupi koonda kamene kakhala kakuvutitsa anzake mu ligi iliyonse yomwe kasewera kuyambira kali ndi zaka 14. Utenge uti? Ine mbali yanga ndinasankha kalekale ndipo ndinena pompano. Tengani mwana amene mutu wake umathamanga kuposa anzake ndipo umboni wake ulipo wa zaka zingapo, olo atakhala wamfupi. Matimu a NHL ataya osewera abwino ambiri chifukwa cholemekeza tepi ndi sikelo kuposa zimene maso awo omwe anaona pa ayezi, ndipo akupitirizabe kutero.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi nkhani ya Lane Hutson. Mu 2022 mwana ameneyu anali difenda wa timu ya achinyamata ya dziko la America, ndipo aliyense amene anamuonera ankavomera kuti akagwira puck, kampira kaphwatalala kaja, palibe difenda wa msinkhu wake amene ankaona bwalo ngati iye. Vuto linali limodzi lokha, sankafika masentimita 175 ndipo thupi linali la mwana. Zinafika poti popita kokakumana ndi matimu anatenga kalata ya dokotala yosonyeza kuti mafupa ake anali asanamalize kukula, kuti mwina akhulupirire zoti atalikako. Tangoganizani, mwana waluso chonchija kumayenda ndi pepala la kuchipatala kupepesera msinkhu wake. Raundi yoyamba inatha osamutchula, anadzatengedwa pa nambala 62 ndi Montreal Canadiens, ndipo tinene zoona, Montreal yomweyo inamudumpha katatu, inayamba yatenga Juraj Slafkovský pa nambala 1, Filip Mešár pa 26 ndi Owen Beck pa 33. Sizoni ya 2024-25, chaka chake choyamba chathunthu mu NHL, Hutson anapeza mapointi 66 (zigoli ndi ma assist kuphatikiza pamodzi), mwa amenewo ma assist 60 zomwe zinafanana ndi rekodi ya Larry Murphy ya madifenda a chaka choyamba, ndipo anapatsidwa Calder Trophy, mphoto ya wosewera watsopano wopambana onse mu ligi. Mayina 61 anatchulidwa iye asanatchulidwe. Zimene anachita mu NHL ndi zomwezo zimene ankachita ali ndi zaka 17, sanasinthe kasewero, anthu anangokana kukhulupirira.

Akanakhala yekha bwenzi tikuti zinangochitika. Koma mndandanda wake ndi wautali. Martin St. Louis, amene pano ndi kochi wa Hutson yemweyo ku Montreal, masentimita 173, palibe timu inamusankha pa draft olo imodzi, Calgary inamutenga pambuyo pake nkumutaya, kenako mu 2004 ali ku Tampa Bay anatsogola ligi yonse pa mapointi, anasankhidwa wosewera wofunika kuposa onse, natenga chikho cha Stanley Cup pogonjetsa Calgary yomweyo. Alex DeBrincat anagoletsa zigoli 51 kawiri motsatizana ndi Erie Otters mu ligi ya achinyamata ya OHL asanalowe draft, komabe mu 2016 anadikira mpaka nambala 39, ndipo ku Chicago anafikapo zigoli 41 kawiri. Brayden Point anali ndi mapointi 91 ku Moose Jaw, anatengedwa raundi yachitatu pa nambala 79 mu 2014. Malemu Johnny Gaudreau nambala 104 mu 2011, munthu amene anadzapeza mapointi 115 sizoni imodzi. Cole Caufield anagoletsa 72 chaka cha draft yake, 72 anthuni, koma matimu anamuyang'ana kutalika nkumusiya mpaka nambala 15 mu 2019. Onsewa sanali obisika kumudzi kwinakwake komwe scout sanafikeko ayi, ankasewera poyera, ma scout atadzaza m'mipando ndi makope awo.

Tsono tiyang'ane mbali inayo. Draft ya 2003 anthu amaitchula ngati imodzi mwa zabwino kwambiri m'mbiri ya ligi. New York Rangers anali pa nambala 12 ndipo anatenga Hugh Jessiman, chimnyamata cha masentimita 198 chochokera ku Dartmouth College. Pambuyo pake panatsala Dustin Brown, Brent Seabrook, Zach Parise, Ryan Getzlaf, Brent Burns, Ryan Kesler, Mike Richards, Corey Perry, ndipo raundi yachiwiri kunali Patrice Bergeron ndi Shea Weber. Jessiman anasewera magemu awiri okha a NHL moyo wake wonse, ndipo sanasewere atavala yunifomu ya Rangers. Sindikumunyoza mnyamatayo, iye sanadzisankhe yekha ndipo anavulalanso panjira, mlandu ndi wa amene anaona thupi nkulota wosewera amene kunalibe. Akuluakulu kwathu anati chikomekome cha nkuyu mkati muli nyerere, ndipo mu 2010 Rangers omwewo anabwerezanso potenga Dylan McIlrath, difenda wamkulu wodziwika ndi zibakera, pa nambala 10, Cam Fowler ndi Vladimir Tarasenko akadalipo.

Anthu a mbali inayo ali ndi mfundo zawo ndipo si zopusa, ndiye ndizitenge mmene amazinenera eni ake. Yoyamba, yomwe mumaimva pakamwa pa scout aliyense wachikulire, ndi yoti msinkhu suphunzitsika. Amati mwana wamtali mutha kumuphunzitsa kugwira ndodo, kumenya puck, kuima pamalo oyenera, koma wamfupi palibe kochi angamuonjezere masentimita khumi, nde bola kutenga chinthu chomwe simungapange nokha. Zikumveka. Komabe funso langa ndi loti kodi nzeru za masewero zimaphunzitsika? Hockey ya NHL imaseweredwa pa bwalo la mamita 61 mulitali ndi 26 mulifupi, anthu khumi akuthamanga pa liwiro loopsa osawerengera magoloboyi awiri, wosewera amalowa masekondi 40 kapena 45 nkutuluka chifukwa mpweya watha. Puck ikafika pa ndodo yako ulibe nthawi yoganiza, umayenera kukhala utadziwa kale komwe ipite isanafike. Chimenechi mwana akafika zaka 18 alibe, kawirikawiri sadzakhala nacho, mungamuonetse mavidiyo usiku wonse. Pamene zina zija zomwe amati ndi zofooka za ana afupi zimakonzeka ndithu. Mphamvu zimabwera ndi jimu, chakudya ndi zaka. Kathamangidwe pa ayezi kamakonzeka, Point ankanenedwa kuti miyendo yake ndi yolemera, Tampa inamupatsa mphunzitsi wa skating Barb Underhill, lero ndi mmodzi mwa othamanga kwambiri. Ngakhale Mark Stone, amene si wamfupi, anagwa mpaka nambala 178 mu 2010 chifukwa cha miyendo yomweyo, mutu ndi umene unamufikitsa pokhala kaputeni wa Vegas. Choncho ngati tikuti titenge chinthu chosaphunzitsika, chosaphunzitsika kwenikweni chili m'mutu.

Palinso kena komwe mfundo imeneyi imaiwala, thupi la mwana wa zaka 17 silinathe kumangidwa. Kholo lililonse likudziwa izi, m'kalasi imodzi ya fomu 2 mumakhala wina wandevu kale ndi wina mawu akadali a mwana, koma mukadzawaona pa zaka 23 simungadziwe kuti wamkulu anali uti. Lamulo la draft limati mnyamata akwanitse zaka 18 pofika pa 15 September chaka chimenecho, kutanthauza kuti mu draft imodzi muli ana osiyana pafupifupi chaka chathunthu. Auston Matthews anabadwa pa 17 September 1997, anaphonya draft ya 2015 ndi masiku awiri okha nkudikira chaka china. Ndipo vutoli limayambira kutali, m'zaka za m'ma 1980 katswiri wina wa ku Canada, Roger Barnsley, anaonetsa kuti m'matimu apamwamba a achinyamata muli ana ambiri obadwa January, February ndi March kusiyana ndi obadwa kumapeto kwa chaka, chifukwa magulu a ana amadulidwa pa 1 January ndipo kochi wa ana a zaka 9 amasankha amene akuoneka wamkulu, nkumati ndi luso. Nde mwana wamkulu thupi amene wakhala akukankha anzake kuyambira ali wamng'ono nthawi zambiri sanafunikepo kuganiza mwachangu, thupi linkamugwirira ntchito. Akafika mu NHL amapeza aliyense ndi wamkulu ngati iye, mwayi uja watha. Pamene kamnyamata kafupi kamene kafika pamwamba pa ligi ya achinyamata kakhala kakuthawa zimphona moyo wake wonse, kanaphunzira kale kudzutsa mutu, kuzemba, kutulutsa puck kasanapanikizidwe kukhoma. Mayeso amene amati kakalephera mu NHL kakhala kakuwalemba kuyambira kale.

Mfundo yachiwiri ndi yamphamvu kuposa yoyambayi ndipo ndimaipatsa ulemu. Amati sizoni wamba ndi ina, ma playoffs, magemu ochotsana olimbirana chikho sizoni ikatha, ndi ena. Mwezi wa April ukafika marefa amameza wezulo, kugwirana ndi kukankhana kumachuluka, mumakumana ndi timu imodzi mpaka kasanu ndi kawiri ndipo cholinga ndi kukufooketsa thupi gemu ndi gemu, nde pamenepo afupi amasowa. Amaloza St. Louis Blues ya 2019, Vegas ya 2023 ndi madifenda ake ataliatali, komanso Florida Panthers yomwe inatenga chikho 2024 ndi 2025 ndi hockey yolemera, yogunda, yotopetsa. Sindikana kuti ma playoffs ndi nkhondo ina, ndimaonera ndipo ndimaona anthu akutuluka akutsimphina. Koma tiyeni tiwerenge bwino matimu omwewo. Vegas ya 2023 ija, amene anapatsidwa Conn Smythe Trophy, mphoto ya wosewera wopambana mu ma playoffs, anali Jonathan Marchessault, masentimita 175, munthu woti pa draft sanasankhidwe nkomwe. Florida ya 2025, Brad Marchand, masentimita 175 naye, ali ndi zaka 37, anagoletsa 6 mu fainolo yokha yolimbana ndi Edmonton. Tampa itatenga chikho 2020 ndi 2021 amene anatsogola ma playoffs onse pa zigoli anali Point, 14 chaka chilichonse. Patrick Kane ali ndi zikho zitatu ndi Chicago. Ngati afupi amasowa mu May ndi June, awawa ankatani pamenepo? Chimene chimasowa mu ma playoffs ndi wosewera wamantha amene safuna kupita kutsogolo kwa golo komwe kumapweteka, ndipo amantha alipo aatali ndi afupi omwe. Marchand palibe anamunenapo kuti ndi wamantha.

Komanso onani mmene Florida inapezera anthu ake olemerawo. Sam Bennett anabwera posinthana ndi Calgary mu 2021, Matthew Tkachuk chimodzimodzi mu 2022, Sam Reinhart kuchokera ku Buffalo, Gustav Forsling anangomutola timu ina itamusiya. Apa ndi pamene pali phata la nkhani yonse kwa ine. Timu ikafuna munthu wamkulu woti azigunda anthu pa laini yachitatu kapena yachinayi, magulu a osewera akutsogolo omwe sapatsidwa nthawi yambiri pa ayezi, amapezeka pa msika July aliyense pa mtengo wabwino, kapena mumasinthanitsa ndi mwayi wosankha pa draft mu raundi yachinayi. Koma munthu wogoletsa 40, kapena difenda woyendetsa power play, nthawi yomwe timu inayo yachepa munthu chifukwa cha chilango, timu yomwe ili naye siimugulitsa, ikagulitsa mtengo wake ndi wothyola msana makamaka pano pomwe ligi ili ndi malire a ndalama zolipira osewera kuyambira 2005. Draft ndi malo okhawo omwe luso lotereli mungalipeze mwaulere. Nde kutaya nambala 12 pa chinthu chomwe mukanagula pa msika kuli ngati kupita ku Lilongwe ndi ndalama ya feteleza nkubwerako ndi tomato amene ali kale pa dimba la neba.

Yachitatu ndi imene anzanga oganiza bwino amandipanikiza nayo, ndipo ndivomere kuti ili ndi choonadi. Amati iwe ukungotchula afupi amene zinawayendera, nanga amene analephera bwanji sukuwatchula? Chabwino, ndiwatchule. Nic Petan anapeza mapointi 120 ku Portland mu ligi ya achinyamata ya WHL, Winnipeg inamutenga pa nambala 43 mu 2013, sanakhazikike mu NHL, anangoyendayenda. Rocco Grimaldi nambala 33 mu 2011, chimodzimodzi. Jeremy Bracco, Toronto nambala 61 mu 2015, waluso lopatsira kwambiri, sanasewereko gemu ya NHL. Alipo ambiri, ndipo amene anganene kuti mwana wamfupi aliyense wa mapointi adzakhala Martin St. Louis akunama. Koma taonani manambala omwe ndatchulawo, 33, 43, 61. Onse ndi raundi yachiwiri, komwe anyamata ambiri, aatali ndi afupi omwe, safika pokhala osewera okhazikika. Timu inataya zochepa. Pamene zolakwika za mbali inayo zimachitika pa 10 ndi pa 12, malo omwe timu imawapeza itavutika sizoni yathunthu ikuluza. Kuonjezera apo mpikisano wake sukhala wachilungamo ngakhale draft itatha. Mnyamata wamtali wa raundi yoyamba amapatsidwa mwayi kachiwiri, kachitatu, kachinayi, timu ina nkumutenganso poganiza kuti ife timukonza, pamene wamfupi akalakwitsa magemu asanu amabwezedwa ku ligi yaing'ono ya AHL nkuiwalika. Wamtali amayenera kuonetsa kuti sangathe, wamfupi amayenera kuonetsa kuti angathe, ndipo anthu a hockey eni ake amanena zimenezi poyera. Ndiye tikamawerenga afupi olephera tizikumbukira kuti ena mwa iwo khomo silinatsegulidwe mokwanira.

Ena amabwera ndi ina, yoti mapointi a ligi za achinyamata amanama, ndipo apa ndimagwirizana nawo theka. Alexandre Daigle anali ndi mapointi 137 ku Victoriaville, Ottawa inamutenga nambala 1 mu 1993 patsogolo pa Chris Pronger, sanakhale chomwe ankayembekezera. Nail Yakupov anawala ku Sarnia, Edmonton nambala 1 mu 2012, pofika 2018 anali atabwerera ku Russia. Zoona, mapointi paokha si umboni. Koma yankho lake ndi kuwawerenga mwanzeru, kuwafunsa mafunso. Anawapeza ali ndi zaka zingati, chifukwa mapointi 90 a mwana wa zaka 17 ndi osiyana kutali ndi 90 a wa zaka 19 amene akusewera ndi ana. Anawapeza mu ligi iti, chifukwa mapointi 20 mu SHL ya ku Sweden kapena Liiga ya ku Finland, komwe mwana akulimbana ndi azibambo a mabanja awo, atha kulemera kuposa 80 mu ligi ya achinyamata ya QMJHL. Angati anabwera matimu ali asanu kwa asanu, angati pa power play pomwe malo ndi ambiri. Ankasewera ndi ndani. Funso lomalizali ndi limene anagwetsera DeBrincat, ankati zigoli zake ndi za Connor McDavid amene anali naye ku Erie, koma McDavid atapita ku Edmonton mu 2015 mnyamatayo anagoletsanso 51, chaka chotsatira 65. Caufield ankati ndi chifukwa cha Jack Hughes. Mafunso amenewa ndi abwino, chomwe ndimadana nacho ndi choti amafunsidwa mwaukali kwa wamfupi yekha, wamtali wa mapointi 45 amangoti akadzakula zidzabwera.

Ndipo scout wabwino amaona zinthu zomwe pepala la mapointi silionetsa, ine sindili m'gulu la amene amati kompyuta ilowe m'malo mwa maso a munthu. Kodi mwanayo amayang'ana kumbuyo puck isanamufike? Akapanikizidwa kukhoma amataya puck mwamantha kapena amapeza mnzake? Timu yake ikaluza 4-1 mu gemu yachitatu pa masiku anayi, atayenda pa basi usiku wonse kudutsa Saskatchewan, amathamangabe kubwerera kumbuyo? Izi zimafuna munthu wokhala m'bwalo lozizira kambirimbiri. Detroit inapeza Pavel Datsyuk pa nambala 171 mu 1998 ndi Henrik Zetterberg pa 210 mu 1999 chifukwa scout wawo wa ku Ulaya, Håkan Andersson, anayenda nakaona yekha, ndipo onse awiri panthawiyo anali anyamata oonda osaopsa maonekedwe. Maso otere ndi amene ndikuwafuna, oyang'ana zimene mwana akuchita ndi puck komanso popanda puck.

Za combine ndinene mwachidule chifukwa sizifuna zambiri. Kumayambiriro kwa June anyamata pafupifupi 100 amaitanidwa ku Buffalo, amayezedwa kutalika ndi kulemera, amalumpha, amanyamula zitsulo, amapalasa njinga ya Wingate masekondi 30 mpaka ena kusanza, ndipo matimu amawafunsa mafunso m'zipinda. Zonsezi zimachitika popanda ayezi, popanda puck. Kwa madokotala ndi zothandiza, kudziwa bondo lomwe linavulala kapena phewa lomwe silinapole. Kupitirira apo ndi phokoso. Mu 2014 Sam Bennett yemwe uja analephera kudzikweza pa chitsulo olo kamodzi, nyuzi zinamuseka dziko lonse, Calgary inachita bwino kusalabadira nkumutenga pa nambala 4, ndipo mu 2025 ndi iye anatenga Conn Smythe ndi zigoli 15. Sabata imodzi ya mu jimu isafafanize zaka zitatu za magemu.

Pali pomwe ndimabwerera m'mbuyo pang'ono. Kwa magoloboyi msinkhu uli ndi ntchito yeniyeni, golo ndi mamita 1.83 mulifupi ndi 1.22 kutalika, goloboyi wa masiku ano amagwada pansi nthawi zambiri ndipo akagwada mapewa ake ndi amene amatseka kumwamba, nde masentimita pamenepo ndi masamu basi. Ngakhale apo Juuse Saros wa Nashville ndi Dustin Wolf, amene Calgary inamutenga pa nambala 214 mu 2019 kutatsala mayina atatu kuti draft ithe, aonetsa kuti lamulolo lili ndi mabowo. Kwa madifenda ndikuvomera kuti simungakhale ndi a Hutson asanu ndi mmodzi, pamafunika ena a ndodo zazitali oti achotse anthu kutsogolo kwa golo. Ndikudziwanso kuti aatali ena amachedwa kupsa, Zdeno Chára wa masentimita 206 anatengedwa pa 56 mu 1996 akuoneka wosakhazikika pa ayezi nadzakhala kaputeni wa Boston yotenga chikho mu 2011, Tage Thompson anavutika zaka zingapo asanagoletse 47 ku Buffalo. Anyamata awiri akafanana nzeru, manja ndi mtima, tengani wamtali, palibe angatsutse. Mkangano wanga uli pomwe sakufanana, pomwe wina ndi wabwino moonekeratu koma akutsitsidwa malo makumi atatu kapena makumi asanu chifukwa cha masentimita asanu ndi atatu.

Nanga bwanji zikupitirirabe, anthu anzeru olipidwa ndalama zambiri chonchi? Ine ndikuona kuti ndi mantha a ntchito. Bwana wa timu akatenga chimnyamata cha masentimita 195 nkulephera, anzake amati zimachitika, aliyense akanamutenga. Akatenga kamnyamata ka 173 pa nambala 8 nkulephera, mwini timu, atolankhani ndi masapota onse amati ankaganiza chani, ndipo mwana wa draft amatenga zaka zinayi kapena zisanu kuti aoneke pomwe bwanayo mwina sadzakhalanso pampando. Choncho amasankha cholakwika chomwe angachifotokoze. Ambiri mwa ma scout akuluakulu anaseweranso nthawi isanafike 2005, pomwe difenda ankaloledwa kukukola ndi ndodo ndi kukukoka malaya kuchokera pakati pa bwalo mpaka kugolo, nthawi imeneyo wamfupi ankavutikadi. Ligi inasintha malamulo itabwerako ku lockout, pomwe eni matimu anatsekera osewera kunja sizoni yonse ya 2004-05, kukola ndi kugwira zinayamba kulangidwa, masewero anathamanga, koma maso a anthu ena anatsalira ku hockey yakale ija.

Mukafuna kuona kuti phunziro silinalowe, onani banja la Hutson lomwelo. Mu June 2024 Lane anali atawala kale zaka ziwiri ku Boston University ndipo aliyense ankanena poyera kuti matimu analakwitsa mu 2022. Mng'ono wake Cole, difenda naye, wa kasewero kofanana, wotuluka mu timu yomweyo ya achinyamata a America, analowa draft chaka chimenecho. Raundi yoyamba inathanso osamutchula, mayina 32, ndipo Washington Capitals anadzamutenga tsiku lachiwiri pa nambala 43. Patangotha miyezi isanu ndi umodzi anali ku Ottawa akuthandiza America kutenga golide pa mpikisano wa dziko lonse wa osewera osapitirira zaka 20.